Za udokotala, pomwe ndafika

Okutobala 2022

Ndayamba kulemba izi chifukwa ana a Fomu 4 kwathu andithera mtendere, aliyense akufuna udokotala ndipo ndatopa kuyankha funso limodzimodzi pa foni za amayi awo. Nde ndizilemba mmene zikuyendera, wofuna aziwerenga yekha. Panopa ndili chaka chachitatu cha MBBS, digiri ya udokotala, ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), zamukalasi zatha tayamba zamuwadi.

Njira yake njoti MSCE iwale kaye, ndipo iwale pa Biology, Physics, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi, osati mapointi ochepa oti akukoka ndi Agriculture ndi Bible Knowledge ayi. Kufunsira malo kumadutsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati mayunivesite ena onse a boma. Ukasankhidwa pali chaka cha foundation chomwe tonse timangoti premed, kenako zaka 5 za MBBS, pamodzi 6. Ukamaliza apo sunathe, pali intenishipu, kugwira ntchito moyang'aniridwa, ya miyezi 18 kenako a Medical Council of Malawi akulembe m'kaundula ngati dokotala woima payekha. Nde amene walowa ali ndi zaka 18 aziwerengera 25 kapena 26, apo ndikunena zonse zitayenda bwino osabwereza kalasi. Ife korona inatidyera miyezi, sukulu zonse zinatsekedwa mu Malichi 2020 tinakakhala kumudzi kumalimbana ndi netiweki pa chulu.

Tinalowa ili College of Medicine pansi pa University of Malawi, mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, koma ma minibasi mpaka lero ukati ku College of Medicine ndi pamene amakumva. Chimene ambiri sadziwa n'choti sukuluyi inatsegulidwa mu 1991, dzulodzuloli. Kale konse Mmalawi wofuna udokotala ankawoloka nyanja. A Daniel Malekebu a ku mishoni ya PIM ku Chiradzulu anamaliza ku Meharry Medical College ku America mu 1917, a Kamuzu anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937 n'kupitanso ku Edinburgh kuti Angelezi avomere mapepala awo. Ndiye musamadabwe kuti kumudzi munthu akati ndaonana ndi adokotala nthawi zambiri amanena clinical officer kapena medical assistant, dziko lino langokhala ndi zaka 30 zophunzitsa madokotala pakhomo.

Za anatomy aliyense amafunsa, eya ndi zoona timaphunzirira pa mitembo. Agogo atamva anandiuza kuti ndisamagwire mphika wawo ndikabwera holide kkkk, anadzasintha maganizo tsiku lomwe ndinawayeza BP.

Disembala 2022

Wadi ya medicine. Ntchito ya mwana wasukulu muno ndi kuklaka odwala (kuwafunsa, kuwayeza ndi kulemba mbiri yawo), kutenga magazi, kuika kanula (kapaipi ka dripi ka mu mtsempha), kuthamangitsa ma sampulo ku labu, kenako m'mawa pa raundi uime kutsogolo kwa konsalitanti, dokotala wamkulu, ufotokoze wodwala wako mu Chingerezi chonse chimene wachimva mu Chichewa, kapena mu Chiyao ndi Chisena chodzera mwa gadiyani. Kanula anandiphunzitsa ndi anesi, osati buku. Asisita ena achikulire anangondigwira dzanja n'kunena kuti mwanawe mtsempha sumauyang'ana, umaumva ndi chala, ndipo kuyambira pamenepo zinayamba kulowa.

Chinthu choyamba kupempha ndi kabuku kakuchipatala, helefi pasipoti. Mbiri yonse ya munthu ili mmenemo ngati sikananyowe kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo ukakawerenga bwino umapeza kuti wakhala akulandira LA ndi amoxicillin mwezi ndi mwezi ku helefi senta pamene vuto lake lenileni ndi TB. Izi sindikunyoza anzathu akumeneko, munthu mmodzi pa mzere wa anthu odzaza khonde lonse opanda X-ray angatani.

Odwala ambiri muno ndi a HIV amene anasiya mankhwala kapena anabwera mochedwa. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 ndipo masiku ano pafupifupi aliyense ali pa dolutegravir, piritsi limodzi patsiku, aphunzitsi athu akamatiuza mmene mawadi analili zisanabwere izi umangoti kukamwa yasa. Koma obwera chitetezo cha m'thupi chitatsikiratu, CD4 ili pansi pa 200, alipobe, nde timayeza CrAg m'magazi kufufuza cryptococcus, fangasi yoyambitsa meningitis (matenda oumitsa khosi), komanso LAM mu mkodzo ndi makhololo pa makina a GeneXpert kufufuza TB. Chinanso chimene sindimayembekezera ndi kuchuluka kwa sitiroko ndi shuga, bambo wa zaka 45 wafa mbali imodzi, BP 200 ndi chakuti, sanayezetsepo chibadwire.

Tsono nkhani imene yandidya mutu mwezi uno ndi ya madzi a pamsana. Munthu akabwera mutu ukuwawa kwambiri, khosi lauma, wayamba kusokonezeka, timayenera kubaya pamsana kutenga madzi tiyeze ngati ndi meningitis, ndipo kwa amene ali ndi cryptococcus kuchotsa madziwo ndi mankhwala pakokha chifukwa kumatsitsa presha m'mutu. Koma ukangotchula, magadiyani amayang'anana, wina amati dikirani tiimbire amalume ake. Kunjaku zimadziwika kuti akakuchotsa madzi a pamsana ndiye kuti wapita. Oksijeninso chimodzimodzi, akuti akakuika pa makina aja basi konzani bokosi. Poyamba ndinkaona anzanga ena akupsa mtima, kumati anthu osaphunzira, koma taganizani, amene timawabaya pamsana ndi kuwaika pa oksijeni ndi aja odwalitsitsa kale, ambiri afika mochedwa, ndiye wachibale amene wakhala pa bedi loyandikana sabata yonse waona ndi maso ake anthu atatu akuikidwa chipangizo chija n'kumwalira. Iyeyo akuwerenga zimene waona ndipo sakunama. Chimene sanaone ndi aja anachira n'kutuluka, chifukwa ochira sachita phokoso. Rejisitira wathu, dokotala amene akuphunzira ukatswiri, ali ndi njira yake, amakhala pansi pa benchi ndi banja lonse, amafunsa kaye mwini mbumba ndani, amawauza mosabisa kuti m'bale wanuyu akhoza kumwalira tibaye kapena tisabaye, koma tikabaya tidziwa chomupatsa ndipo mutu upepuka, akafuna amawaonetsa wodwala wina amene anabayidwa ali tsonga kudya phala. Zimatenga theka la ola pa tsiku loti ulibe ngakhale mphindi zodyera, koma ambiri amavomera. Kubayako ndaphunzira msanga, kukambirana uku ndi kumene kukundipatsa ntchito.

Febuluwale 2023

Kolera. Inayamba mu Malichi chaka chatha ku Machinga aliyense n'kumati itha ndi chilimwe, koma yadutsa chilimwe chonse yafalikira maboma onse ndipo Januwale uyu sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. A Pulezidenti akhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mwezi uno. Ena a ife tikumakathandiza ku matenti tikapeza mpata.

Matendawa ndi oopsa koma mankhwala ake ndi osavuta mochititsa manyazi, madzi basi. Munthu amabwera maso alowa, khungu ukalitsina silibwerera, pa dzanja sipakumveka kugunda, ukamuika Ringer's lactate makanula awiri akuluakulu, 100 ml pa kilo iliyonse, 30 yoyambayo mu theka la ola kwa wamkulu yotsalayo mu maola awiri ndi theka, munthu uja amadzuka n'kufunsa foni yake. Akayamba kumwa timupatse Thanzi kapu ndi kapu. Bedi lake ndi lija lobowola pakati, ndowa pansi ina pambali yosanzira, klorini paliponse, wosamba m'manja 0.05%, wa zonyansa ndi mitembo 2%, nsapato zanga zayera ngati zaviikidwa mu jiki. Amene tikuwataya ndi ofika mochedwa, anayamba usiku transipoti palibe, kapena anayamba kaye kwina. Ndipo akachira akubwerera ku chitsime chomwe chija. Apa ndi pamene ndamvetsa chifukwa chake community health amatikakamiza ngakhale ambiri timaiona ngati yotayitsa nthawi, HSA (mlangizi wa zaumoyo) mmodzi wogawa klorini m'mudzi akupulumutsa anthu ambiri kuposa tenti yathu yonse.

Malichi 2023

Namondwe Freddy. Sindilemba zambiri. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inapita yonse, anthu oposa 1,000 amwalira kapena sakupezeka. Ovulala anali othyoka miyendo ndi mabala odzaza mchenga, ntchito yathu inali kutsuka mabala, kugwira miyendo pomanga pulasitala, kulemba maina. Ndasoka kwambiri sabata imeneyi kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo.

Ogasiti 2023

Ana. Ndimaganiza kuti sindidzaikonda koma yandigwira. Chinthu choyamba amakuphunzitsa ndi ETAT, kuyenda pa mzere wa amayi n'kutola mwana amene sangadikire, wopuma movutikira, wokomoka, wozizira manja, osati kutsata amene anabwera m'mawa. Amayi ena amadandaula kuti tadumphitsa mzere, umangowaonetsa mwanayo amamvetsa okha.

Malungo aakulu ndiye pakhomo pake. Blantyre coma score, muyeso wa kukomoka kwa mwana, imene imagwiritsidwa ntchito dziko lonse lapansi inapangidwira konkuno ku Queens ndi a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor, imachoka pa 0 kufika 5, ukuona maso, kulira, ndi mmene akuchitira ukamutsina, akakhala 2 kutsika ndiye kuti ali chikomokere. Zimasangalatsa kuona dzina la tauni yako mu buku lolembedwa kunja eti. Artesunate 2.4 mg pa kilo, kapena 3 mg ngati mwana sanafike makilo 20, pa ola 0, 12 ndi 24, akayamba kumwa amalize ndi LA. Koma usanachite chilichonse yeza shuga, mwana wokomoka shuga amakhala atatsika ndipo dextrose, shuga wa mu mtsempha, yekha akhoza kumudzutsa uli pomwepo. Yang'ananso zikhatho ndi m'maso, akayera mbee thamangira magazi. Katemera wa malungo uja RTS,S dziko loyamba kumuyamba mu pulogalamu yoyeserera linali lathu lino mu Epulo 2019, koma neti ikufunikabe, tisanamizane.

Ku wadi ya onyentchera ndi kumene ndaphunzira kudekha. Tepi ya pamkono ikawerenga pansi pa 11.5 cm kapena mapazi atupa, mwana ameneyo sumamuthira chakudya chambiri kapena dripi mwachisawawa, mtima wake sungapirire. Amayamba ndi mkaka wa F75 pang'onopang'ono usana ndi usiku, kenako F100 kapena chiponde. Ndipo pomutulutsa umadziwa kuti chiponde chija akagawana ndi abale ake kunyumba chifukwa nawonso ali ndi njala, umawauza amayi kuti awa ndi mankhwala a mwana uyu yekha, iwo amati chabwino adokotala, nonse mukudziwa mmene zikakhalire.

Novembala 2023

Kwacha yagwa ndi 44%, pamwamba pa 25% ya chaka chatha ija. Loni ya ku Loans Board imathandiza, popanda iyo ine sindikanafika pano, koma kumbukirani kuti ndi ngongole idzabwezedwa. Zimene palibe amakuuza ukamalowa ndi tindalama ting'onoting'ono, stethoscope, tochi, ma scrubs, nsapato zoti uime nazo tsiku lonse, bando yotsitsira mabuku, transipoti yopita ku ma rotesheni akutali, chakudya cha usiku pa kolo, ukamachezera muwadi. Ndikuphunzitsa ana awiri Biology Loweruka kuti ndipeze ya sopo.

Kwinaku kumudzi ndinamaliza kale sukulu m'maso mwawo. Adokotala afika, adokotala atiponyere kangachepe. Pa WhatsApp ndiye ndatsegula OPD yosafuna, azakhali atumiza chithunzi cha zotupa, asuweni akufuna ndiwalembere mankhwala a mnzawo amene sindinamuonepo, wina voice note ya mphindi 6 yofotokoza kuphwanya kwa thupi. Yankho langa ndi limodzi, pitani akakuyezeni, ndipo ndayamba kutchuka kuti ndine wonyada. Zilibe kanthu. Ma antibiotic ogula pa golosale aja ndi amene akutipangitsa kuti ceftriaxone, antibiotic wathu wobaya, azilephera pa odwala ena muwadi, sindiwonjezerapo dzanja langa.

Malichi 2024

Leba wadi, ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera ku Queens. Pano munthu sugona. Pali chiwerengero cha amayi oti uwachiritse wekha asanakusainire logbook, nde umapikisana ndi ana asukulu a unamwino, ndipo azamba ndi amene ali ndi bwalo, ukafika ndi matama a MBBS ungoima pakona mpaka rotesheni ithe. Ukafika mwaulemu, kuthandiza kukolopa, kunyamula ndowa, amakuitana okha, adokotala aang'ono bwerani mutu waoneka.

Zopha amayi ndi zodziwika ndipo n'zochepa, kutaya magazi, BP yokwera mpaka kukomoka, matenda olowa m'chiberekero, mwana kukanirira, ndi mimba zochotsedwa mobisa. Mwana akangobadwa oxytocin 10 IU pa ntchafu, chiberekero uchisisite chilimbe, magazi ukawaona akupitirira usayambe kuganiza wekha, kuwa anthu abwere. Wokomoka ndi BP magnesium sulphate, 4 g mu mtsempha ndi 5 g thako lililonse, uziona kupuma, mkodzo ndi bondo ngati likudumpha. Izi ndikhoza kuzinena ndili mtulo. Partograph, polemba mmene leba ikuyendera, ndi pepala chabe koma ikalembedwa nthawi yake imakuuza kuti mayi uyu apite ku thiyeta maola angapo zinthu zisanaipe, vuto ndi loti mzamba mmodzi akuyang'anira amayi ambiri nthawi imodzi.

Za magazi, opereka ambiri m'dziko muno ndi ana a sekondale ndi makoleji, nde nthawi ya holide amachepa, ndipo holide ya Disembala imakumana ndi nyengo ya malungo. Ndinakapereka anga sabata yatha. Inu amene mukufuna udokotala yambani pamenepo, a MBTS otolera magazi akabwera pa sukulu panu musathawire ku hostel.

Zimene zikundivuta mumtima ndi atsikana a zaka 15, 16, ali pa bedi lochirira akuitana amayi awo. Malamulo amati ukwati ndi zaka 18, Constitution inasinthidwa mu 2017, koma leba wadi ikunena zina.

Julayi 2024

Ndili ku chipatala cha boma lina, sinditchula, ku family medicine. Apa ndi pamene aliyense wofuna udokotala amayenera kufika asanasankhe. Dokotala alipo koma theka la nthawi yake ili ku mamitingi, bajeti, mafuta a ambulansi, malipoti. Chipatala chikuyendetsedwa ndi ma clinical officer ndi anesi. Bambo wina amene wagwira pano zaka zambiri amapanga siza mofulumira ndi mwaukhondo kuposa ma rejisitira ena amene ndawaona, hernia, mimba ya mu chubu yophulika, zonse, usiku magetsi atazima jenereta ikulira. Anaphunzira zaka 3 za dipuloma ndi intenishipu, ine zaka 6, koma lero mutati mayi anga apangidwe opareshoni ndi mmodzi wa ife awiri sindingaganize kawiri. Chimene ine ndabwera nacho n'choti ndimafunsa chifukwa chake, monga wodwala amene wakhala akulandira mankhwala a asthma zaka ziwiri pamene ndi mtima, ndipo iwo amandimvera bwinobwino ndikanena mwaulemu. Mkangano uja wa ndani dokotala weniweni umamveka kwambiri pa Facebook, muwadi ya pa boma 2 koloko usiku palibe amaukumbuka.

Nde kwa amene mapointi sanakwane, Malawi College of Health Sciences kapena Malamulo si manyazi. Alipo amene anayamba ngati clinical officer n'kudzalowa MBBS pambuyo pake, m'kalasi mwathu timawatcha akuluakulu ndipo pa OSCE, mayeso ochita ndi manja, amatisambitsa chokweza.

Kuno labu imayeza malungo, Hb, shuga, HIV, makhololo, full blood count makina akakhala bwino. Za impso ndi mchere wa m'magazi mwina mwezi uno zilipo mwezi wamawa reagent yatha. CT scan ndiye iwalani, ili ku central. Ndiye zimene aphunzitsi okalamba aja ankalimbikira, kufunsa bwino, kuyang'ana, kugwira, kugogoda pachifuwa, kumvetsera, ife n'kumaona ngati zachikale poti pa YouTube madokotala akunja amangotumiza ku scan, kuno ndi zimene uli nazo basi. Ndagogoda chifuwa cha mnyamata wina n'kumva kuti mbali imodzi yadzaza madzi, tinabaya n'kutulutsa mafinya odzaza botolo X-ray isanajambulidwe n'komwe chifukwa tsiku limenelo inali yowonongeka. Ka ultrasound kakang'ono konyamula m'manja ndi kamene ndaona kuti kakusintha zinthu, aliyense wa ife akanayenera kutuluka sukulu akukadziwa bwino.

Chovuta kwambiri ndi kutumiza wodwala ku central. Uganize ngati afike wamoyo pa msewu umenewo, ngati ambulansi ili ndi mafuta, komanso banja likuti ife ku tauni tilibe wachibale tikadya chani, akamwalirira kumeneko mtembo tidzaunyamula bwanji. Limenelo ndi funso lenileni ndipo silili mu buku lililonse limene ndawerenga. Agogo ena a khansa ya kummero anakana kupita, tinawayambitsa morphine wakumwa, anesi a palliative care anakambirana ndi ana awo, anapita kwawo. Ine ndikuona kuti anasankha bwino.

Disembala 2024

Chaka chomaliza chikuthamanga. Palibe zambiri zolemba, ndi kuwerenga, kolo, kuwerenga. Tapanga kagulu ka anthu anayi, madzulo aliwonse mmodzi amakhala wodwala wina dokotala ena awiri ma examiner ankhanza. Mnzathu mmodzi anasiya kubwera m'kalasi kwa masabata, tinapita kukamupeza ku room ali chigonere makatani otseka. Tinamuperekeza kukaonana ndi a uphungu ndipo pano akubwerera pang'onopang'ono. Ndalemba izi dala chifukwa m'sukulu muno aliyense anali nambala wani kwawo, ndiye kulephera mayeso amodzi ena kumawagwetsa kwambiri ndipo sanena. Tinaphunzira psychiatry, tinapita ku Zomba Mental, koma kuzindikira mnzako wa pa desiki imodzi kumavutabe.

Meyi 2025

Ndakhoza. Mayeso omaliza anali olemba, ma OSCE oti belu likalira usunthe, ndi odwala enieni pamaso pa ma examiner ena ochokera kunja. Pa medicine ndinapeza mayi wa mtima wa rheumatic, matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi za ubwana zimene penicillin wotchipa akanathana nazo, ndinamva murmur, kaphokoso ka mtima wodwala, bwinobwino ndipo examiner anangogwedeza mutu. Amayi analira pa foni, abambo anangoti chabwino, tsono ntchito uyamba liti.

Funso lawolo ndi limene tonse tili nalo. Mapepala a ku Medical Council ndapereka kuti andilembe ngati intern, tsopano ndi kudikira posting, ndipo kudikiraku kumatha kutenga miyezi, amene anatitsogolera anatichenjeza kale. Sungagwire ntchito ya udokotala kwina kulikonse usanamalize intenishipu, nde uli ndi digiri koma uli pakhomo. Ndikuthandiza data pa kafukufuku wina kuti ndisaiwale kudzuka m'mawa.

M'gulu lathu nkhani ndi ya pambuyo pa miyezi 18 ija. Ena ayamba kale kuwerengera mayeso a ku UK, ena akuyang'ana Botswana, Namibia, Lesotho, ena akuti MPH, digiri yachiwiri ya public health, kenako NGO galimoto yoyera, ena kafukufuku ku Malawi-Liverpool-Wellcome (MLW). Sindiweruza aliyense, munthu amene banja lonse linagulitsa mbuzi kuti aphunzire ali ndi ngongole zimene ife sitikuzidziwa. Koma masiku ano ukatswiri ukhoza kuuphunzira konkuno, MMed, digiri ya ukatswiri, ilipo ya medicine, ana, azimayi, opareshoni, family medicine, ndipo a opareshoni alinso ndi njira ya COSECSA, koleji ya madokotala a opareshoni ya m'chigawo chino cha Africa, zaka zina 4 kapena kuposa. Ine mtima uli ku family medicine, anzanga akuti ndapenga, akuti imeneyo ndi u clinical officer wa digiri. Ndikuganizabe za chipatala cha pa boma chija.

Seputembala 2025

Posting yatuluka, ndayamba, dipatimenti yoyamba ndi medicine. Kusiyana kwake ndi uku, chaka chatha ndikalemba mu fayilo pamafunika wina asaine pansi, pano anesi akubwera kwa ine ndi fayilo kuti adokotala bedi 12 wasintha, ndikatembenuka kufuna woti ndimufunse palibe, rejisitira ali ku casualty ndi wodwala wina. Kolo imayamba m'mawa n'kutha mawa lake raundi ikatha. M'thumba mwa koti muli kabuku ka Malawi Standard Treatment Guidelines, tochi, mapeni awiri chifukwa imodzi imabedwa, ndi mtedza.

Usiku wa Lachinayi ndinakhala pa benchi ndi banja lina kukambirana za madzi a pamsana, ndekha koyamba. Amalume ake anali pa foni kuchokera ku Joni, tinaika pa loud, anafunsa mafunso anzeru kuposa ma examiner, pomaliza anati pangani. Presha inali yokwera kwambiri, CrAg positive, tamuyamba amphotericin ndi flucytosine ndi fluconazole, dzulo anadya yekha. Afunika kubayidwanso mutu ukayambiranso nde ndawauziratu kuti asadzadabwe.

Zotsala mwezi uno, ndisainitse ma procedure mu logbook ndisanasinthe dipatimenti, ndipeze nyumba yapafupi chifukwa ya minibasi ikundimaliza, ndiphunzire bwino kuwerenga ECG poti apa ndiye ndikutsalira, komanso ndiyambe kufunsa za kabwezedwe ka loni ija. Ikatha medicine ndikupita ku surgery.